Rosemary wanga akuuma chonsecho ndimathirira kawiri pa tsiku

Mayi wa pa Kasungu boma:
Moni nonse. Ndithandizeniko nzeru. Mu Ogasiti mchemwali wanga anandibweretsera mbande kuchokera ku Lilongwe: rosemary awiri, minti ndi lemon grass. Ndinadula zigubu za malita 20, n'kuthiramo dothi la kuseri kwa nyumba losakaniza ndi zitosi za nkhuku. Zonse zili pakhonde, ndipo ndimathirira m'mawa ndi madzulo poti dzuwa la Okutobala nonse mukulidziwa. Madziwo ndimachita kukatunga kumjigo, si pafupi ayi.

Minti ndi lemon grass zakondwa, moti tiyi tikumwa wonunkhira. Koma rosemary masamba a m'munsi achita chikasu, ena ada, nsonga zazolika ngati ali ndi ludzu. Nditaona choncho ndinaonjezera madzi, koma zikungoipiraipira. Mmodzi wafa dzana. Zikundiwawa chifukwa ndimafuna ndidzathire ku nkhuku ya pa Khirisimasi. Kodi ndi matenda, kapena zitosi zija zawotcha?

Mlimi wa dimba, ku Santhe:
Mayi, musanachite china chilichonse, pendekani chigubucho muone kunsi. Munaboola? Ine ndikukayika.

Muzu umapuma ngati ife tomwe. M'dothi muli timipata momwe mumakhala mpweya. Madzi akadzaza timipata timeneti masiku angapo osaphwa, mizu imabanika n'kuyamba kuola. Tsono muzu woola sungakokenso madzi, n'chifukwa chake mbewu imafota ili m'matope, mwini wake n'kumayesa ludzu. Ife timaziona ndi tomato madzi akasefukira m'dambo. Zulani wakufayo muone: mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yoola imakhala yakuda, yoterera, yonunkha.

Mayi wa pa Kasungu boma:
Bambo, mwalasa. Sindinaboole, ndimaopa kuti madzi otunga movutikira azingotayika. Ndazula, mizu yake yakuda bii, pansi pa chigubu pali chithaphwi.

Mphunzitsi, ku Chamama:
Pepani asisi, inenso ndinaphapo awiri m'njira yomweyi. Vuto ndi loti mbewu zitatuzi mwazipatsa chakudya chimodzi pomwe kwawo n'kosiyana. Minti amamera m'mbali mwa mitsinje, lemon grass naye amakonda chinyezi. Rosemary kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Spain, Italy ndi Greece, m'mapiri a miyala kumene nyengo yotentha imadutsa mvula osagwa kwenikweni. Taonani masamba ake, ang'onoang'ono, olimba ngati singano. Sataya madzi ambiri ngati masamba ofewa a minti.

Wotsalayo mupulumutseni lero lomwe. Muzuleni mosamala, dulani mizu yonse yakuda, boolani chigubu ndi msomali wamoto malo asanu kapena kuposa, ndipo dothi lisakanizeni ndi mchenga wa kumtsinje, theka kwa theka. Mumuike poti dzuwa lizimuomba. Musanathirire pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri: ngati kukuzizira, ndowa ibwerere kwa minti. Wanga ndimamuthirira kawiri pa sabata ngakhale kutenthe chotani, ndipo ndinaona kuti akamakhala ouma pang'ono fungo lake limakula.

Dulaninso tinthambi tiwiri tanthete tomwe tikadali tobiriwira, muchotse masamba a m'munsi, mutizike mumchenga wonyowa pamthunzi. Mayi wake akakanika kutsitsimuka, ana atsala. Ndipo mvula ikayamba musamusiye pamene madzi a padenga amagwera.

Gogo wa ku Lisasadzi:
Zonsezi nzoona ana anga, koma zitosi musazichotse pamlandu. Zosawolerana zimawotcha mizu, makamaka m'chigubu chopanda potulukira madzi. Chinanso, mijigo ina madzi ake ndi amchere. Mukaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa chigubu, ndi mcherewo. Mvula ikabwera tcherani madzi m'ndowa, muthire ambiri kamodzi kuti atsuke dothi n'kutulukira kunsi. Minti wanuyo muphimbireni ndi udzu wouma, mudzaona kuti kuthirira kamodzi m'mawa kukwana, ulendo wa kumjigo uchepe.

Mayi wa pa Kasungu boma:
Zikomo nonse. Ndaboola zigubu zonse, za minti zomwe. Mchenga mwana wanga wapita kukatapa. Aphunzitsi, tinthambi tija timatenga nthawi yaitali bwanji kuti titulutse mizu?

Mphunzitsi, ku Chamama:
Kwa ine zinatenga pafupifupi mwezi. Musamatizule kuti muone. Mukaona nsonga zayamba kuphuka, ndiye kuti tagwira.