Beetle ya 1965: ndipopere single stage ya 2K kapena base ndi clear?

Wofunsa

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu ogwira spray gun, ndigawireniko nzeru. Ndikukonza Volkswagen Beetle ya 1965 ndipo pa penti mutu waima. Zowotcherera zinatha, dzimbiri la pansi pa zitseko tinalidula n'kuikapo chitsulo chatsopano. Mtundu sindikusintha, ndi wofiira womwe inatuluka nawo kufakitale, Ruby Red, nambala yake L456.

Amisiri awiri andiuza zosiyana. Wina akuti base ndi clear (penti ya mtundu pansi, vanishi woonekera pamwamba), poti ndi zomwe aliyense akupopera masiku ano ndipo zofiira sizisuluka msanga zikakhala pansi pa clear. Mnzake akuti single stage ya 2K, ija mtundu ndi kuwala zimakhala m'chitini chimodzi, yosakaniza ndi mankhwala oilimbitsa otchedwa hardener. Mtima wanga nawo ukukokera ku penti yachikale ya cellulose. Ndinaonapo galimoto yakale yopoperedwa nayo, kuwala kwake kofatsa, kosathobwa m'maso, ndipo mpaka lero sindinakuiwale.

Galimotoyi ndikufuna ndiziyendera, osati yongoika pachionetsero. Usiku izigona m'galaja koma masana izikhala padzuwa. Chomwe sindikufuna n'choti munthu akaiona azinena kuti ndi galimoto yakale yovekedwa penti ya lero. Chinanso, denga ndi boneti zikadali ndi penti yakale, ndipo zikuoneka kuti wina anapoperapo ina pamwamba pa ya kufakitale. Ndiipale yonse kapena ndingokwecha n'kupopera? Kompulesa ndili nayo, ndimaganiza zopopera ndekha.

Wopenta wakale

Achimwene, cellulose ichotseni kaye m'maganizo. Beetle ya 1965 sinatuluke nayo. Kufakitale ya Volkswagen ku Wolfsburg ankapopera enamel n'kuiwotcha mu uvuni, popanda clear pamwamba. Cellulose ndi ya m'mbuyo kuposa apo. Kampani ya DuPont inabweretsa cellulose yotchedwa Duco yomwe General Motors inayamba kupopera pa galimoto ya Oakland ya 1924, ndipo anthu anaikonda chifukwa inkauma msanga, pomwe vanishi ya burashi inkadya masabata. Koma imauma pongouluka thinazi basi, siilimba mpaka m'kati. N'chifukwa chake thinazi akaikhudza imasungunukanso ngakhale papite zaka, petulo amaisiyira banga, ndipo ikakalamba imachita timing'alu ting'onoting'ono thupi lonse.

Tsono kumbukirani kuti thanki ya galimoto yanuyo ili pansi pa boneti. Kachitseko kothirira panja kanabwera pa za 1968. Nthawi iliyonse mukamathira petulo, paipi izidutsa pamwamba pa madigadi, ndipo dontho silingalephere kugwa. Ine ndikuti single stage ya 2K. Ndi yomwe imayandikira kwambiri maonekedwe a enamel ya kufakitale, koma kulimba kwake n'kwa masiku ano.

Wa Mini yofiira

Ndikupepesa akulu, pa zofiira sindikugwirizana nanu. Palibe mtundu womwe dzuwa limauzunza ngati wofiira. Yanga inali single stage, ndipo denga linayamba kutuwa mbali zikadali bwinobwino, ukapukuta ndi nsalu nsaluyo n'kufiira. Mu clear amaikamo mankhwala otchinga cheza cha dzuwa cha UV, ndiye mtundu umakhala wotetezeka pansi pake. Mwini wake wanena yekha kuti izikhala padzuwa.

Wopenta wakale

Zoona zimenezo, sindikukana. Koma funsani kuti iliyonse ikatopa imatopa bwanji. Single stage ikatuwa mumatenga compound (phala lopolishira) ndi makina opolishira, kwa tsiku limodzi mtundu wabwerera, chifukwa pansi pa potuwapo pali penti yomweyo. Clear ikatopa imayamba ndi mawanga oyera padenga, kenako imafundula ngati njoka, ndipo palibe polishi angaibweze. Mumakwecha mbali yonseyo n'kuyambiranso. Komanso ndifunse, yanuyo inali 2K yokhala ndi hardener, kapena enamel wamba youma ndi mphepo? Anthu ambiri amazisokoneza, koma youma ndi mphepo imasuluka msanga kwambiri.

Wa Mini yofiira

Inali ya hardener. Inatenga zaka ndithu isanayambe kutuwa, koma ine za kupolisha chaka ndi chaka zinanditopetsa. Ngati achimwenewa amakonda kugwira nsalu ndi wax, palibe vuto.

Mayi wa ma Volkswagen

Bambo, ine ndiyankhapo pa maonekedwe poti ndi pomwe mtima wanu uli. Imani pafupi ndi chitseko chopoperedwa clear, muyang'ane chopendekeka dzuwa likamalowa. Mumaona kuti mtundu uli pansi, ndipo pamwamba pali kanthu kena koonekera, konyowa. Pa galimoto ya metallic zimenezo n'zokongola, ndipo metallic ndiye imafunadi clear, chifukwa mukaikwecha yopanda clear mumadula tizitsulo tonyezimirato n'kuchita mawangamawanga. Koma L456 ilibe tizitsulo. Pa thupi lozungulira la Beetle, single stage imaoneka yokhuta, kuwala kumachokera pa mtundu penipenipo. Ndi chimene munachiona pa galimoto ya cellulose ija, ndipo 2K mukaikwecha ndi sandipepa ya P1500 kenako P2000 n'kupolisha imafika pafupi kwambiri.

Ubwino wina, madigadi anayi onse ndi omanga ndi mabawuti. Amasuleni, muwapopere padera, mudzaike beading (kalamba kokhala pakati pa madigadi ndi thupi) yatsopano pomanga. Kupopera beading ili pomwepo kumaonekera patali, ndipo dzimbiri limakonda kubisala pansi pake.

Wa ku thiraki

Ndikutsatira, nanenso ndili ndi Kombi ikudikira penti.

Namwino wokonda magalimoto

Palibe wanenapo za kupopera nokha, ndiye ndinene ine, chonde mundimvere. Hardener ya 2K ili ndi isocyanate, kaya ndi ya single stage kaya ya clear. Ikalowa m'mapapo imayambitsa mphumu, ndipo thupi likangoyamba kudana nayo, ngakhale kautsi kochepa kamakubanikani moyo wonse. Choopsa n'choti mphuno siikuchenjezani, mumakhala mwapuma kale yambiri musanamve kanthu. Masiki ya fumbi ija siithandiza n'komwe. Pamafunika chovala kumaso cholandira mpweya wabwino kudzera pa paipi, ovolosi yotseka thupi lonse, magolovesi, ndi malo okoka utsi kutulutsa kunja. Utsiwo sungothera m'galaja, umafika kwa ana ndi oyandikana nawo. Ntchito yokwecha ndi yosalaza chitani nokha, koma tsiku lopopera pitani nayo kwa amene ali ndi spray booth, chipinda chopoperamo chokoka utsi.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Amayi anamwino, ndamva, sindipopera m'galaja. Mtima watsamira ku single stage ya 2K, za wax ndizipirira. Koma funso la denga ndi boneti likadalipo. Penti yake ikuoneka yogwira bwino, sikumatuka paliponse. Kodi n'zofunikadi kufika pachitsulo?

Wopenta wakale

Yesani kaye. Nyowetsani kansalu ndi thinazi wa cellulose, mukaike pakona ya boneti kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Penti ikafewa n'kutsalira pa nsalu, ndi lacquer, penti ya m'gulu la cellulose. Ikachita makwinya, ndi enamel youma ndi mphepo. Zonse ziwirizi musazikwirire ndi 2K. Yapansi imafewa ndi kutentha pomwe yapamwamba yauma gwa, ndiye pakapita miyezi mumayamba kuona ming'alu ndi mizere ya sandipepa ikutulukira. Ikapanda kusintha mungathe kukwecha n'kupopera primer (penti yoyamba yapansi), koma ine galimoto ya zaka zimenezi, yoti wina anaipentapo kale, ndimaipala yonse. Simudziwa filler (phala lodzazira mabala) yomwe anabisa pansi.

Popala denga samalani. Chitsulo chake n'chachikulu ndipo chilibe pogwirira pakati. Mukachipopera mchenga mwamphamvu kapena kukhazika makina malo amodzi mpaka kutentha, chimapindika, ndipo kuchiwongola ndi ntchito yowawa. Gwiritsani ntchito mankhwala ochotsera penti kapena disiki yofewa, pang'onopang'ono. Mukafika pachitsulo musachigoneke chosavala, poperani epoxy primer tsiku lomwelo. Filler ibwere pamwamba pa epoxy, osati pa etch primer, chifukwa asidi wa etch amakangana nayo. Kenako primer yodzaza, guide coat (kapenti kochepa koonetsa malo osasalala), kukwecha ndi bloko mpaka P500 kapena P600.

Mayi wa ma Volkswagen

Ndiwonjezere pang'ono. Nambala L456 ndi imodzi, koma osakaniza penti awiri angakupatseni zofiira ziwiri. Masulani kapeti kapena yang'anani kuseri kwa dashboard komwe dzuwa silinafike, mupeza penti ya kufakitale. Apopereni kachitsulo koyesera, kaume, mukayerekeze panja masana musanavomere. Musakanitse penti yokwanira galimoto yonse nthawi imodzi, m'kati ndi kunja, itsaleko lita imodzi yosathira hardener yodzakonzera mabala. Muwauze opopera aike makoti atatu kuti pakhale pokwecha, ndipo wax mudikire miyezi iwiri kapena itatu thinazi atuluke kaye.

Wofunsa

Ndiyesa kansalu ka thinazi mawa, ndidzaika zithunzi pano. Bambo wopenta, epoxy yo ndingaisiye masiku angati ndisanaike filler?