Orexin-A pa kompyuta: ndikhulupirire khalidwe liti mwa awiriwa?

Nachisale:
Ndikuchita digiri yachiwiri ya sayansi ya mankhwala, ndipo ntchito imene ndapatsidwa ndi yofufuza pa kompyuta momwe orexin-A, peptide (kapuloteni kakang'ono) ya muubongo imene imatithandiza kukhala maso, imagwirira zolandirira zake ziwiri, OX1R ndi OX2R. Ndachita docking (kuyerekeza pa kompyuta mmene peptide ingalowere m'cholandirira) kangapo, koma nthawi zonse pulogalamu ikundipatsa makhalidwe awiri osiyana, kutanthauza njira ziwiri zimene peptide ingakhalire m'cholandiriracho, amene malikisi awo atsala pang'ono kufanana. M'makhalidwe onsewo mchira wa peptide, kutanthauza mbali yake yakumapeto, walowa m'dzenje la cholandirira, koma m'khalidwe lachiwiri peptide yatembenuka, mbali imene inayang'ana kumanzere yayang'ana kumanja. Kodi ndisankhe liti, ndipo ndidzati chiyani akadzandifunsa chifukwa chake?

Phiri_wa_Labu:
A Nachisale, si inu oyamba kukumana ndi zimenezi. Gulu la a Henri Xhaard ku Helsinki litachita ntchito yomweyi pa OX1R mu 2015, nalonso linatsala ndi makhalidwe awiri otheka, ndipo linawafotokoza onse awiri m'malo mokakamiza limodzi. Gwero la vutoli ndi kukula kwa orexin-A. Ili ndi ma amino acid (tizigawo topanga mapuloteni) 33, pomwe mapulogalamu ambiri a docking anapangidwira timankhwala tating'ono ngati suvorexant (mankhwala a tulo), timene timapindika m'malo owerengeka chabe. Peptide yotalika chonchi imapindika paliponse, choncho pulogalamu imaigwira ngati ndodo youma n'kumaiyesa pakhomo, ndipo malikisi amene imapereka sangasiyanitse makhalidwe awiri oyandikana.

Kuti mchira ukuloza pansi, pamenepo mwalondola, chifukwa zoyesa za mu labu zinaonetsa kale kuti mukadula kapena kusintha ma amino acid akumapeto, peptide imasiya kudzutsa cholandirira. Yambani ndi zoyesa zoterezi musanayang'ane malikisi. Tengani malo a m'cholandirira amene anthu anawasintha kukhala alanine (amino acid yaing'ono) mphamvu ya orexin-A n'kutsika, monga ma amino acid a aspartate ndi histidine a m'dzenjemo, muone ngati m'khalidwe lililonse malowo akukhudzadi peptide. Khalidwe limene likuwasiya patali mulikayikire, ngakhale litakhala ndi malikisi okongola.

Mai_Gondwe:
Ndikugwirizana ndi a Phiri, koma ine sindingayambire pa docking n'komwe. Mu 2021 kunatuluka chithunzi cha cryo-EM (njira yojambulira mapuloteni oziziritsidwa kwambiri) cha OX2R itagwira orexin-B, m'bale wake wa orexin-A, ndipo chinaonetsa chinthu chimene ntchito zakale za pa kompyuta sizinachiyembekezere: mchira wa peptide uli m'dzenje motambasuka, osati mopotana ngati sipuling'i monga umaonekera pa NMR (njira ina yoonera maonekedwe a mapuloteni) peptide ikakhala payokha. Ngati munalowetsa orexin-A yopotana mpaka kumapeto, n'kutheka kuti makhalidwe anu onse awiri ndi olakwika.

Tsono ikani michira iwiriyo pafupi, chilembo chilichonse chikuimira amino acid imodzi. Orexin-A imathera ndi GNHAAGILTL, orexin-B imathera ndi GNHAAGILTM, ndipo kusiyana kwake ndi chilembo chomaliza chokha. Zimenezi zikukupatsani ufulu womanga mchira wa orexin-A potsata chithunzicho. Zikukuuzaninso kuti chifukwa chimene OX1R imakondera orexin-A, pomwe OX2R imalandira zonse ziwiri pafupifupi mofanana, muyenera kukachifuna pamwamba, pamene mutu wa peptide umakumana ndi zingwe za cholandirira zotulukira kunja kwa selo. Kumeneko orexin-A ili ndi milatho iwiri ya disulfide yolumikiza ma amino acid a cysteine, wina pakati pa cysteine 6 ndi 12, wina pakati pa 7 ndi 14, imene orexin-B ilibe. Mwatsoka, mbali imeneyi ndi imene siioneka bwino pa chithunzi cha 2021, ndiye pamenepo m'pamene kompyuta yanu ili ndi ntchito yeniyeni.

Phiri_wa_Labu:
Mayi Gondwe anena zoona, ndipo mfundo ya mchira wotambasuka ndinailumpha. Ndingowonjezera kuti mukamaliza kumanga, ikani zonse m'khungu la selo la mafuta a POPC, muthiremo madzi ndi mchere kudzera pa pulogalamu ya CHARMM-GUI, kenako muyendetse molecular dynamics (kuyerekeza mmene ma atomu akuyendera pakapita nthawi) pa pulogalamu ya GROMACS katatu kapena kupitirira, ulendo uliwonse ndi chiyambi chake. Ulendo umodzi sutsimikizira kanthu, chifukwa khalidwe lolakwika likhoza kukhala phee kwa nthawi yonse imene kompyuta yanu ingakwanitse. Muonetsetsenso kuti mchira wathera ndi amide, kagulu ka ma atomu kopanda chaji, chifukwa mukausiya ndi carboxylate, kagulu kokhala ndi chaji, mwaika chaji pamalo amene palibe chaji.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsegula fayilo yanga ndipo ndapeza kuti mchira unalidi wopotana mpaka pa leucine womaliza, komanso amide panalibe. Ndiyambiranso ndi chithunzi cha OX2R, ndipo ndikafika pa zingwe zakunja za OX1R ndidzabweranso kudzafunsa.