Ndithandizeni: mafuta abwino ochotsa madontho akuda kumaso ndi ati?

Amayi anzanga, achemwali, ndi inu odziwa za khungu, ndithandizeni nzeru. Ziphuphu zinandisiyira madontho akuda m'masaya ndi pachibwano, ndipo chibadwire mwana wanga wachiwiri pachipumi pabwera chigamba chakuda chosachoka. Kuyera sindikukufuna ayi, khungu langa ndimalikonda mmene lililimu. Ndikungofuna nkhope ikhale ya mtundu umodzi.

Tsiku la msika pa Lizulu mafuta ake amangoti mbwee, ena m'timachubu, ena osakanizasakaniza m'timabotolo topanda dzina. Amenewo ndiye ndikuwaopa. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa hydroquinone, mercury kapena steroid monga clobetasol, ndipo zotsatira zake ndaziona pa mnzathu wina: masaya ofiira psuu, timitsempha kuonekera, mfundo za zala zakuda bii, ndipo atangosiya kudzola nkhope inada kuposa kale. Mercury amawononganso impso, chonsecho ine ndikuyamwitsa.

Tsono amene munadzolapo mafuta okhala ndi niacinamide kapena azelaic acid, omwe amati amachepetsa madontho akuda, kusintha munayamba kukuona patapita nthawi yaitali bwanji? Munagula mufamase kuno ku Ntcheu, kapena mpaka Lilongwe? Nanga zenizeni ndi zachinyengo mumazisiyanitsa bwanji?

Za sunscreen nazonso, mafuta oteteza khungu ku dzuwa aja. Amati tizidzola ya SPF 30 kupita m'mwamba (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza) tsiku lililonse, kaya kuli mitambo kaya chisanu cha mu June, chifukwa dzuwa ndi limene limadetsa madonthowa. Ine ndimaswera m'munda wa mbatatesi ku Tsangano, thukuta lili kamukamu. Ilipo yosachititsa nkhope kutuwa ngati phulusa, ya mtengo woti munthu wakumudzi n'kukwanitsa? Kapena ndiyambe kaye ndakaonetsa chigambachi kuchipatala ndisanagule chilichonse?