Gulu la Banja: za BP ya amayi

Achemwali (Matawale): Mwaswera bwanji nonse? Tangobwera kumene kuchipatala ndi amayi. BP yawo (kuthamanga kwa magazi) inali 180/110, pomwe adokotala akuti ikangofika 140/90 ndiye kuti yakwera kale. Mapiritsi a mwezi watha ndawapeza m'kachitini kosungira mabatani, osamwa n'limodzi lomwe. Akuti anasiya poti mutu unaleka kupweteka.

Achimwene (Joni): Mayo ine! Bambo aja anayambanso chonchi mpaka kugwa sitiroko.

Azakhali (Chinamwali): Ana inu, BP sichenjeza. Munthu amalima bwinobwino uku mtima ukupopa movutikira, mitsempha ikuwonongeka. Mankhwala akewo sadumphitsa. Ndipo poti matendawa ali kumtundu, nonse mukayezetse, ndi shuga yemwe.

Achimwene (Joni): Tisonkhe tigule kamakina koyezera BP kazikhala pakhomo. Aliyense K10,000 pa Mpamba ya achemwali lisanafike Lachisanu. Yoperewera ndithira ine.

Mlamu (Sadzi): Ife tavomera. Koma nkhani yagonanso kukhitchini. Amayi asanalawe n'komwe ndiwo, dzanja lili kale m'kambale ka mchere. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, kuwerengera ndi wam'ndiwo womwe. Soda wa m'therere nayenso tichepetse.

Achemwali (Matawale): Kambaleko ndabisa kale. Loweruka tikakumana ndiphika matemba a ku Chilwa, nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa. Nyama yonona ndi Fanta musabwere nazo chonde, bola nthochi.

Malume (Jali): Nanga ife okalamba tizidya zosakolera?

Azakhali (Chinamwali): Lilime limazolowera, achimwene. Inuyo chondidetsa nkhawa ndi chingambwe chija. Fodya amathinitsa mitsempha, ndiye mumasutira pakhonde pomwe alongo anu amapetera mpunga, utsi wonse iwo n'kumapuma.

Malume (Jali): Ndamva. Ndidzayamba ndine kuyezedwa.

Wamng'ono (Chikanda): Ine ndalama ndilibe, ndili pasukulu. Koma ndizipita madzulo kukayenda nawo amayi mphindi 30, masiku 5 pa sabata, ndi kuwakumbutsa mankhwala. Zotuluka pamakinapo ndizilemba m'kope, tizikawonetsa adokotala.

Achemwali (Matawale): Zikomo mng'ono wanga. Chinanso, akangodandaula kuti pachifuwa pakuwathina, mpweya ukubanika kapena pakamwa papindika, musadikire kuti kuche. Kuchipatala cha Zomba Central nthawi yomweyo, foni muimbe muli m'njira.

Mlamu (Sadzi): Yathu tatumiza, onani meseji.