Réunion Lachisanu, akuti viza siyofunika?

Wa ku Randburg: Abale thandizeni msanga. Madamu akupita ku chilumba cha Réunion Lachisanu likubwerali, akufuna ndikawalerere ana. Akuti viza siyofunika. Zoona?

Ankolo a ku Turffontein: Jekete yokhuthala musasiye asisi. Phiri lamoto la kumeneko, Piton de la Fournaise, ndi lotalika mamita 2,632. Kugombe ndi thukuta, koma kumtunda miyezi ya June mpaka August mano amaombana.

Wa ku Yeoville: Ngati muli ndi viza ya ku Ulaya ya Schengen ingokwerani, kumene kuja ndi ku France.

Admin: Musamupweteketse munthu achimwene. Chilumbacho ndi cha France, inde, koma sichili mu Schengen. Imene imalowa popanda viza ndi pasipoti ya South Africa, ndiye madamuwo akunena za iwo eni. Ya Malawi imafuna viza yolembedwa kuti ndi ya Réunion. Fomu ili pa webusaiti ya France-Visas, permit yanu ya kuno ikhale yosatha, ndipo yankho muziyembekezera pakatha masabata awiri. Lachisanulo iwalani.

Ankolo a ku Turffontein: Kuphiriko alawirire. Pa Pas de Bellecombe, poimika galimoto, azifika dzuwa likungotuluka, chifukwa ikamakwana 10 koloko nkhungu imakhala itayamba kuphimba. Pamenepo mumatsika masitepe, n'kumatsata madontho oyera a penti pamiyala mpaka pachibowo cha Dolomieu. Kupita ndi kubwera maola 5 kapena 6. Mthunzi kulibe, mpopi kulibe, aliyense malita awiri a madzi. Nkhungu ikakupezani mwasiya madonthowo, mwasochera, paliponse pamafanana.

Wa ku Yeoville: Akuti limaphulika tsiku lililonse, likakunyansa limakumeza 😂

Mayi a ku Fourways: Inu ndinu aja a Schengen eti? Limaphulika pafupipafupi koma osati tsiku lililonse, ndipo likayamba boma limatseka geti lotsikira. Chomwe chimapweteka anthu ndi nsapato. Mwala wake ndi wakuthwa ngati mabotolo osweka, ma slippers sachedwa kuduka. Ndipo ana ang'ono a madamuwo sangafike ku Dolomieu, athere pa kaphiri kofiira ka Formica Leo, mmunsi mwa masitepe.

Wa ku Randburg: Nanga ndiwauze bwanji madamu?

Wa ku Germiston: Asisi, anawo asasambe paliponse. Kuli shaki, kusamba nkoletsedwa kupatula malo otetezedwa ngati L'Ermitage. Ndalama ndi euro, galimoto amayendetsa kumanja.

Mayi a ku Fourways: Atsopanonu mumabwera tikiti itagulidwa kale. Funsani musanavomere!

Ankolo a ku Turffontein: Phiri lawo lalitali, Piton des Neiges, ndi mamita 3,070. Sapitwa wathu 3,002, kusiyana pang'ono chabe. Eee, koma Mulanje nthawi ya chiperoni, tiyi wotentha ndi mbatata yootcha…

Wa ku Germiston: Kumeneko ndi mpunga, nyemba ndi rougail ya soseji (soseji yophika mu tomato). Nsima muisowa.

Wa ku Randburg: Admin, fomu ija mwati ili pati? Yakwiririka.