Tikufuna kukafotokoza kafukufuku wa alezi a ku Dedza kunja, tiyambire pati?

Membala wosadzitchula dzina: Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Ndife alangizi a sukulu za mmera mpoyamba kuno ku Dedza, cha ku Linthipe ndi ku Mayani. Alezi a m'ma CBCC athu (sukulu za ana aang'ono zoyendetsedwa ndi mudzi) amakumana kamodzi pamwezi n'kumaphunzitsana: mmodzi acheza ndi ana, anzake akuonerera, kenako akambirana. Tinalemba zimene tinaona kuyambira Januwale mpaka Juni, ndipo ana obwera kusukulu anachuluka. Tikufuna kukafotokoza zimenezi ku msonkhano wa EECERA, bungwe la ku Ulaya la kafukufuku wa maphunziro a ana aang'ono. Chidule cha kafukufuku chotumiza kumsonkhanoko tilembe bwanji? Zithunzi za ana tingakaonetse? Nanga za viza?

Mphunzitsi wa za kafukufuku: Mayi, za viza zidikire kaye. Miyezi mwatchulayo ndi imene ikakuvuteni. Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi ya njala: ufa wa phala umasowa, mitsinje imadzaza, malungo amachuluka, makolo ali kumunda. Pofika Meyi anthu akolola, phala layambanso, ana abwerera. Mukakanena kuti ana anachuluka chifukwa alezi anaphunzitsana, woyamba kukweza dzanja akafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti si phala. Njira zilipo ziwiri. Tengani kaundula wa miyezi yomweyo ya chaka chatha muyerekeze Meyi ndi Meyi mnzake, kapena yerekezani ndi ma CBCC oyandikana nawo amene alezi ake sanali m'gululi. Zikakanika zonse, musiyeni kaundulayo, mukambe zimene zinasintha pa mlezi mwini: mafunso angati amene anafunsa ofuna kuti mwana afotokoze, osati ongoyankha kuti eya, mphindi zingati ana anali m'makona a masewero, zipangizo zingati za m'mudzi monga zitsononkho, dongo ndi zitsekerero za mabotolo zimene zinafikadi m'manja mwa ana. Mutu wanu ndi kuphunzira kwa alezi, umboni wake ukhalenso wa alezi.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo bambo. Mafomu oonerera alipo, koma ankadzaza ndi mlangizi mmodzi.

Mphunzitsi wa za kafukufuku: Mukanene choncho poyera. Mlezi akangomva njinga yamoto ya mlangizi amasintha kachitidwe, ndipo mlangizi amene anaphunzitsa yekha amaona zabwino zokhazokha. Ulendo wina anthu awiri adzaonerere phunziro limodzi, aliyense ndi fomu yake, osaonetsana, kenako muwerenge pamene agwirizana. Werenganinso alezi amene anasiya pakati. Ambiri ndi ongodzipereka, ena amachoka nthawi yolima mbatatesi. Mukangowerenga otsala okha, ndiye kuti mwawerenga akhama okhaokha.

Mlangizi wa zachitetezo cha ana: Za zithunzi, chonde achemwali. Kuvomera kwa amfumu kapena kwa komiti ya CBCC si kuvomera kwa kholo. Kholo lililonse, kapena agogo amene akulera mwanayo, liwerengeredwe fomu ya Chichewa yonena kumene chithunzicho chikupita, ndiponso kuti anthu amsonkhano amajambula masilaidi n'kuika pa intaneti, pomwe simungakachichotsenso. Wosatha kulemba adinde chala pali mboni. Muwauzenso kuti akakana, mwana wawo sachotsedwa sukulu kapena kumanidwa phala, apo ayi avomera chifukwa cha mantha. Chosavuta n'kujambula manja a ana, zoseweretsa, kapena ana atatembenukira uko. Chikwangwani cha dzina la sukulu chisaoneke. Ofesi ya Social Welfare kuboma idziwe za ulendowu.

Mphunzitsi wa za kafukufuku: Kuwonjezera apo, chilolezo cha kafukufuku wa mtundu uwu chimachokera ku komiti ya pansi pa NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi luso) kapena ku komiti ya yunivesite, ndipo chimatengedwa musanayambe, osati mutamaliza. Ngati mulibe, musalembe kuti chilipo. Ifotokozeni ntchitoyo ngati kudziunika kwa alezi pa ntchito yawo, munene chilolezo chimene munapempha kwa makolo ndi kwa aleziwo.

Membala wina: Chidule cha EECERA chimafunika kumayambiriro kwa chaka, msonkhano umakhala kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Fomu yawo ili ndi zigawo: cholinga, kugwirizana kwake ndi zimene ena anafufuza kale, maganizo amene mwatsamirapo, njira, za chilolezo, zimene mwapeza, ndi phindu lake. Ambiri amathera mawu kufotokoza za umphawi wa Malawi, zopeza n'kutsala mzere umodzi. Chiganizo chimodzi chonena kuti CBCC n'chiyani chakwana: imayendetsedwa ndi mudzi, imalandira makamaka ana a zaka 3 mpaka 5, alezi ake ndi odzipereka. Mawu a mlezi muwaonetse m'Chichewa, Chingelezi pansi pake. Wina amene sanaone mawu oyamba a Chichewawo amasulirenso Chingelezicho m'Chichewa kuti muone ngati tanthauzo silinathawe. Komanso alezi amene anathandiza kusanthula zopezazo alembedwe ngati olemba nawo, osangowathokoza kumapeto ayi.

Wogwira ntchito yosindikiza: Mukasankha kuonetsa ntchito yanu pa positala, chipepala chachikulu chokhomedwa kuti anthu aziwerenga, funsani kukula kwake ndiponso ngati ikhale choimirira kapena chogona. Saizi ya A0 ndi masentimita 84.1 kwa 118.9, A1 ndi 59.4 kwa 84.1. Zithunzi zodzera pa WhatsApp musagwiritse ntchito, zimafinyidwa, pa A0 zimatuluka timabokosi. Tengani za mufoni imene inajambulayo. Mutu uwerengeke munthu ali mamita atatu. Yosindikiza pansalu imapindika n'kulowa m'chikwama, yapepala imafuna chubu. Mukapatsidwa mphindi 15 zoyankhula, masilaidi asapitirire 10.

Membala wina: Viza imadalira dziko, popeza msonkhanowu umasamuka chaka chilichonse. Mu 2024 unali ku Brighton, komwe kumafuna viza ya UK, pomwe mu 2025 unali ku Bratislava ku Slovakia, komwe kumafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Pa ya Schengen pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo itsale ndi miyezi itatu mutabwerako. Inshuwalansi ya zaumoyo ikhale yotha kulipira ndalama zosachepera mayuro 30,000. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6, ndiye musadikire Julayi. Kalata yokuitanani nthawi zambiri imabwera mukalipira ndalama yolembetsera, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, pitani kubanki ndi invoisi tsiku lomwe akuyankhani kuti chidule chalandiridwa.

Membala wosadzitchula dzina: Nanga ndalama zikakwanira munthu mmodzi yekha, apite ndani?

Mlangizi wa zachitetezo cha ana: Amene angayankhe mafunso a njira m'Chingelezi. Koma atenge kanema wa mphindi ziwiri wa mlezi akufotokoza yekha m'Chichewa, mawu a Chingelezi akuyenda pansi, ndipo mleziyo auonere kaye asanavomere. Auike pa fulashi ndi pa imelo, asadalire intaneti ya m'chipinda cha msonkhano.