Rozi woyanga wopirira chisanu: ndigule kapena n'kutaya ndalama?

NaPhiri_wamaluwa:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndikufuna rozi woyanga woti akwere khoma la kumaso kwa nyumba. Kuno kukazizira kwenikweni timafika -30°C, mphepo yake osanena. Ku nazale andilozera William Baffin ndi John Cabot, koma mtengo wake ndi pafupifupi kawiri poyerekeza ndi New Dawn, amene kwa ine ndiye wokongola kuposa onsewo. Ndalama zowonjezerazo zili ndi phindu?

Gogo_Chisale:
Osagula mwanawe. Ine anandigulitsa rozi woyera, pakapepala atalemba kuti amapirira chisanu. Chisanu chitatha nthambi zonse zinali zakuda bii mpaka pansi. Ataphukanso ndinati zikomo, koma maluwa atabwera anali ofiira moderako, ndipo anatuluka kamodzi kokha basi. Kupita kukadandaula akuti nthawi yobweza katundu inadutsa. Mpaka lero zimandiwawa.

Mlimi_Nkhoma:
Pepani agogo, koma amene anaphukayo si rozi amene munagula. Ambiri ndi omezanitsa: pamwamba mtundu wokongola, pansi chitsa cha mtundu wina. Ku America chitsa chofala ndi Dr. Huey, ndipo maluwa ake ndi ofiira moderako ngati mukunenamo. Wapamwambayo anafa, chitsa n'kutenga malo. Pogula muzifunsa ngati rozi ali pa mizu yakeyake. Wotereyo ngakhale nthambi zife zonse, amaphuka mtundu womwewo. Akakhala womezanitsa, mfundo yomezanitsirayo ikwirireni pansi masentimita 10.

Gogo_Chisale:
Nanga bwanji sanandiuze zimenezo ndikupereka ndalama? Ndi kuba komweko.

Bwana_Kadzuwa:
Ine New Dawn wadzaza khoma lonse mpaka pawindo la pamwamba. Odutsa amaima n'kumajambula. Sindinamufunditsepo ndi kamodzi komwe. Anthu mumanamizira chisanu pamene vuto ndi dzanja. Rozi ameneyu alipo kuyambira 1930, akanakhala wofooka bwenzi ataiwalika kalekale.

Mlimi_Nkhoma:
Bwana, muli zoni yanji? Paja madera amawagawa m'mazoni potengera kuzizira kwake.

Bwana_Kadzuwa:
Zoni 6. Koma kumazizira ndithu.

Mlimi_Nkhoma:
Ndiye yanuyo ndi nkhani ina. Zoni 6 ikazizira kwambiri imalekera cha pa -23°C. Mayi Phiri ndi -30°C yawoyo ali mu zoni 4, pamene New Dawn amamuwerengera zoni 5. Mwina sangafe, koma nthambi zizifa chaka chilichonse kulekezera pamene panafika chipale chofewa, ndipo rozi woyanga amene akuyambiranso pansi chaka ndi chaka khoma sadzalikwera. William Baffin ndi John Cabot ndi a gulu la Explorer limene Felicitas Svejda anapanga ku Ottawa, Canada, dala chifukwa cha chisanu chomwechi. John Cabot anatuluka mu 1978, William Baffin mu 1983, ndipo Baffin amapirira mpaka zoni 3. Ndalama zowonjezerazo mukulipirira nthambi zimene zidzadzuke zamoyo chisanu chikatha.

Achemwali_Tiya:
Koma bwanji kudzivutitsa? Gulani clematis Jackmanii, duwa lina loyanga losakhala rozi. Ndi wotchipa, minga alibe, amadzigwirira yekha pawaya. Amachita maluwa pa mphukira zatsopano, ndiye kaya pamwamba pafe zilibe kanthu, mumangomudulira m'munsi chisanu chikamatha. Rozi ngakhale amati woyanga sadzigwirira, nthambi iliyonse mpaka muimange nokha.

Che_Mdala:
Wotchipa kuti? Kumene ndimagula ine clematis wamkulu bwino amaposa rozi mtengo. Ndipo Baffin ndinamupeza wotsika kuposa New Dawn. Mayi Phiri akukukwezerani dala amenewo.

NaPhiri_wamaluwa:
Achemwali zikomo, koma mtima wanga uli pa rozi. A Nkhoma, nanga kafungo? New Dawn ndinamukondera kununkhira.

Nyasulu_T:
Apo ndiye muyembekezere kukhumudwa. William Baffin ndili naye, kafungo kake mpaka ulowetse mphuno m'duwa. Ndiponso ndikuuzeni zimene ogulitsa sanena: ameneyu ndi chitsamba chachikulu, nthambi zolimba gwa, zotalika mamita atatu, minga yoti malaya sabwerako amoyo. Mukamubzala pafupi ndi khomo alendo azidutsa cham'mbali. Ngati mukufuna a Explorer omwewo yang'anani John Davis, wa 1986. Maluwa ake ndi odzaza bwino, a pinki, nthambi zofewerako zosavuta kupinda, ndipo amanunkhirako.

Bwana_Kadzuwa:
Rozi wosanunkhira ndi rozi ameneyo? Ine sindingalipire.

Mlimi_Nkhoma:
John Davis ndikuvomereza. Chachikulu, nthambi zikuluzikulu muzizigoneka chopingasa pomanga. Mukaziimika chilili maluwa amangotuluka kunsonga, m'munsi muli mbee. Feteleza musiye kuthira chilimwe chikamapita kumapeto, chifukwa mphukira zanthete ndi zimene chisanu chimayamba kupha.

Mai_a_Dalitso:
Nonse mukukamba za chisanu, ine amene anandipweteka ndi akalulu ndi mbewa. Rozi anapirira bwinobwino, koma pansi pa chipale anamukukuta khungwa kuzungulira tsinde lonse. Kaya mugule wodula kaya wotchipa, gulaninso waya wa mabowo ang'onoang'ono wotchingira m'munsi. Mtengo wa wayawo muuphatikize pa bajeti.

Che_Mdala:
Kapena osagula n'komwe. Pemphani kanthambi kwa oyandikana nawo amene rozi wawo wakhalitsa, mukazike mumphika. Ndi ulere, ali pa mizu yake, ndipo mwaona kale ndi maso kuti chisanu cha kwanuko amachitha.

Nyasulu_T:
Kanthambi mpaka kadzafike pakhoma ndi zaka zingati, akulu? Ndipo sikuti tinthambi tonse timagwira.

Achimwene_Joe:
Palibe watchula Polstjärnan wa ku Finland, wa 1937. Woyera, amakula moopsa, chisanu sachidziwa. Flammentanz wa kampani ya Kordes ya ku Germany, wa 1955, nayenso ndi wolimba ngati mukufuna wofiira.

Nyasulu_T:
Onse awiriwo amachita maluwa kamodzi pachaka. Masabata ochepa, kenako masamba okhaokha.

Achimwene_Joe:
Koma kamodziko khoma silioneka. Ine ndimakhutira.

NaPhiri_wamaluwa:
Ndinabwera ndi mayina atatu, pano achuluka, kuphatikizapo waya. Ndafunsa ku nazale kuja ngati John Davis wawo ali pa mizu yake, wogulitsa akuti akafunse kaye abwana ake.

Gogo_Chisale:
Akayankha auzeni alembe pa lisiti.